Mbande zathu zidafa, iwo akuwomberedwa m'manja

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ndine mlimi wa fodya wa ku Simlemba, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndidatsala pang'ono kuphetsa ndi njala mabanja khumi ndi awiri chifukwa chokhulupirira anthu ophunzira.

Kudabwera aphunzitsi a ku yunivesite ina pa galimoto yoyera. Adatiuza kuti tisiye kutentha mapesi pa mabedi a nazale, m'malo mwake tizifunditsa dothi ndi pulasitiki kuti dzuwa liphe tizilombo. Ine monga wapampando wa kalabu yathu ya alimi a fodya ndidayenda khomo ndi khomo kukopa anzanga, mpaka ndidakalengeza kutchalitchi. Mapulasitiki adafika mochedwa, koma aphunzitsiwo adati kufunditsa masabata awiri okha n'kokwanira. Tidasayina mapepala awo, adatijambula titagwira mapulasitikiwo tikumwetulira, basi adapita.

Mbande zidamera bwino, kenaka zidayamba kuchita chikasu. Tikazula, mizu yake inali yotupa timapundu. Ndidawayimbira foni aphunzitsi aja kangapo, ndipo tsiku limene adayankha adangoti pulojekiti idatha. Anthu aja adandigwiritsa fuwa la moto. Mvula yowokera inali pafupi, ndipo mlimi wopanda mbande alibe chaka. Anzanga adasiya kundipatsa moni, mayi wina adandithira mbande zakufa pakhomo.

Chimene chidandiwawa koposa chidadza pambuyo. Kudafika mtsikana ndi pepala la mafunso, wotumidwa kudzaona ngati nzeru za ku yunivesite zikufikadi kwa alimi. Adati yunivesiteyo ikuyamikiridwa kwambiri chifukwa cha ife. Mafunso ake anali akuti: mudaphunzitsidwa? Mudagwiritsa ntchito njirayo? Zonsezo yankho linali eya. Ndidamukokera ku dambo kuti akaone yekha mabedi a mbande zakufazo.

"Bambo, pepalali lilibe malo olembapo zimenezi," adatero.

"Ndiye lembani kumbuyo kwake!" ndidakalipa. Adalembadi, koma kumene zidakathera sindikudziwa.

Ndikuvomera, ndidakwiyira ngakhale Mulungu. Pemphero langa silinali laulemu ayi. Ndidati, "Ambuye, ngati ndine wopusa langani ine, koma ana a anzangawa alakwanji?"

Patapita masiku atatu, ndili m'munda, ndidaona a Namakhwa akubwera. Awa ndi bambo wa ku Phalombe amene adabwera kuno ngati tenanti pa esiteti ya fodya, ndipo pano amalima munda wobwereka. Iwo okha ndiwo adakana pulasitiki n'kutentha mapesi monga kale, ndipo ine ndi dzanja langali ndidawafufuta m'kalabu, ndikuwanena pagulu kuti ndi mbuli yokonda utsi. Nditawaona ndidaganiza kuti abwera kudzandiseka.

"A Tcheya, tiyeni mukaone nazale yanga," adatero.

Adali atafesa mabedi ochuluka kuposa munda wawo, monga adazolowerera ku esiteti, ndipo mbande zinali zobiriwira, zothithikana. Ndidayamba kupepesa koma adandidula.

"Zimenezo tidzakamba fodya akalowa m'chigafa. Kauzeni anzanu abwere ndi madengu."

Sizidakwanire minda yonse, koma banja lililonse lidawokera gawo lina, ndipo palibe amene adakhala manja lende chaka chimenecho. Ine ndidagwada pamphepete pa bedi n'kulira ngati mwana, a Namakhwa akuyang'ana kumbali kuti asandichititse manyazi.

Sindikunyoza sukulu, abale, poti ana anganso ndikuwaphunzitsa. Koma mpaka lero zimandipweteka kuti adawerenga mayina athu, osabweranso kudzaona mizu. Ndikuthokoza Mulungu amene adamva pemphero lamwano ngati langa lija. Inu amene mwasiyidwa padzuwa ndi anthu amene mumawadalira, musaleke kupemphera, ndipo samalani ndi amene mukuwafufuta m'mabuku mwanu. Ine chipulumutso changa chidafesedwa ndi munthu amene ndidamuthamangitsa ndekha. Ameni.