Mbale Imene Mayi Nakoma Anandilanda

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga kulikonse kumene mawu awa akupezani. Anzathu akamapereka umboni amanena za njala, za ntchito imene inatha, kapena za matenda amene anawagoneka miyezi. Wangawu ndi wochititsa manyazi pang'ono, chifukwa chimene chinatsala pang'ono kundipha ndi chakudya cha Loweruka ndi Lamulungu, chophikidwa ndi anthu ondikonda.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditumiza kudzaphunzitsa kuno ku Phalombe, mbali ya kwa Mkhumba, nthawi imene sukulu za pulayimale zinali zitangokhala zaulere. Kumpingo ataona kuti pakamwa panga sipauma, anandiika m'gulu la olalikira m'midzi. Loweruka ndinkayendera odwala ndi ofooka, Lamulungu n'kukalalikira kunyumba ya mapemphero ya mudzi womwewo.

Amene munakhalako kuno mukudziwa kuti mlendo salandiridwa ndi moni yekha. Khomo loyamba ndinkapeza thobwa ndi chinangwa, lachiwiri nyemba za kalongonda, lachitatu mpunga wa nkhuku, ndipo lachinayi nalo silinkafuna kupitiriridwa. Amakulowetsa m'nyumba, kukusambitsa m'manja, n'kukusiyira mbale zodzaza. Ukabweza zambiri, mwini khomo amakufunsa ndi nkhope yakugwa ngati ndiwo zake sizinakome. Ine sindinkafuna kugwetsa nkhope ya munthu, choncho mbale ndinkazibweza zoyera. Mimba inayamba kutsogola polowa m'kalasi, aphunzitsi anzanga n'kumanditcha bwana, amvekere Phalombe wandiyanja. Ndinkaseka nawo, ndipo mumtima ndinkanyadira ndithu.

Tsiku lina ndikulemba pabolodi, choko chinagwa chokha m'manja mwanga ndipo kalasi lonse linayamba kuzungulira. Mkazi wanga Nangozo anandiperekeza kuchipatala. Adokotala atandikweza pasikelo ndi kundipopa pamkono, anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, matenda aja timangoti bipi. Anandipatsa mankhwala, koma ananenetsa kuti ndikapanda kuchepetsa thupi, mchere ndi mafuta, tsiku lina ndidzadzuka nditafa ziwalo. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa bambo anga anafa ziwalo, ndipo ndinaona ndi maso anga mayi akuwatembenuza pamphasa zaka zitatu mpaka msana wawo kupindika. Ndinayang'ana Nangozo, munthu wochepa thupi, ndipo ndinadzifunsa kuti chimunthu chonga ine adzachinyamula bwanji. Ndinalumbira pomwepo kuti mkazi wanga sadzasenza mtolo umenewo.

Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndinali munthu wa lumbiro lake. Nangozo ankandiikira mtanda umodzi wa nsima, masamba ambiri, nandolo wopanda mafuta, ndi tiyi wopanda shuga amene ndinkamwa nditatsinzina. Pofika Lachisanu lamba ankalowa bowo lina, ine n'kumayenda modzimva. Koma likafika Lolemba, lamba uja ankabwerera pabowo lake lakale ngati sanachokepo.

Ndinali ndi zifukwa zanga zokoma. Ndinkati sindingakhumudwitse nkhosa za Ambuye pokana chakudya chawo. Ndinkaopanso manong'onong'o, chifukwa zaka zimenezo maliro anali ochuluka, ndipo munthu akayamba kuonda anthu ankamulozerana ndi milomo. Mlaliki ndiye aonde, anthu adzati wayenda kuti? Choncho matenda anga ndinawabisa, ndipo pagulu ndinkadya moonetsa kuti ndili bwino. Koma pansi pa zifukwa zonsezi panali choona chimodzi chimene sindinkafuna kuchiyang'ana: zakudyazo ndinkazikonda. Likafika Lachinayi, ndinali nditayamba kale kuganiza za nkhuku ya Loweruka.

Ndinayesa nzeru zanga. Ndinkachoka pakhomo osalawa kanthu kuti ndisiye malo m'mimba, koma ndinkafika kumudzi ndili ndi njala ya fisi, n'kudya kawiri kuposa kale. Lolemba ndinkadzilanga ndi kusala kudya, n'kumanama kuti ndi zauzimu. Nangozo ankaona zonsezi. Tsiku lina akuchotsa mafuta a ndiwo pa tayi yanga anati, “Bambo a Tiyamike, ine ndimaphikira mwamuna wa Lolemba mpaka Lachisanu. Wa Loweruka uja ali ndi omuphikira ake.”

Titabwerera kuchipatala patapita miyezi, sikelo sinasinthe, ndipo adokotala anangopukusa mutu n'kuwonjezera mankhwala. Pobwerera Nangozo sanandikalipire. Anakhala pakaliyala ya njinga, ndipo ndinazindikira kuti akulira pamene malaya anga ananyowa kumsana. Kukalipa ndikanakupirira, koma misozi imeneyo inandithyola. M'mawa mwake ndinalawirira kusukulu, ndinagwada m'kalasi mopanda munthu, ndipo ndinauza Ambuye kuti ndatopa kunama. Ndinati ndimalalikira kudziletsa pamene ineyo mbale ikundigonjetsa sabata ndi sabata. Ndinapempha kuti anditumizire thandizo, ngakhale likhale londichititsa manyazi. Abale, samalani ndi zimene mumapempha, chifukwa Iye amamva.

Loweruka lotsatira ndinapita kumudzi wina wa m'tsinde mwa phiri kukaona bambo Nakoma, amene kale ankagulitsa nyama ya mbuzi pamsika. Ndinawapeza ali pamkeka pakhonde, mkono ndi mwendo wamanja zitafa, pakamwa patapindika. Akazi awo, mayi Nakoma, anawadzutsa movutikira n'kuwatsamiritsa kukhoma kuti tipemphere. Mungaganize kuti kuona zimenezo kunanditsekera kukhosi, koma ayi. Atandilowetsa m'nyumba n'kundiikira mpunga ndi nkhuku, ndinasamba m'manja, ngakhale linali khomo lachitatu tsiku limenelo.

Mutu unkandiwawa chifukwa m'mawa ndinaiwala kumwa mankhwala, choncho ndinatulutsa kapepala kake m'thumba. Nthawi yomweyo mayi Nakoma analowa ndi madzi akumwa. Anayang'ana mapiritsi, anayang'ana ine, kenaka anachita chinthu chimene sindinachionepo kuno chibwerere. Ananyamula mbale ya mlendo, mlendoyo atasamba kale m'manja.

“Aphunzitsi, mankhwala amenewo ndimawadziwa,” anatero. “Ndi omwewo ankamwa bambo ali pakhondewo, uku akudya zonona. Ngati mwafuna kukagona pamkeka ngati iwowo, kadyeni kwina. Pakhomo panga ayi.”

Ndinatsala pang'ono kuwakumbutsa kuti ine ndi mlaliki. Koma anapitiriza motsitsa mawu: “Akazi anu ali ndi msana wolimba bwanji? Wanga uno unatha.” Atatero anatuluka ndi mbale ija. Ndinatsala ndi kapu ya madzi ndi manja onyowa, ndipo ndinakumbukira pemphero langa la m'kalasi lija. Manyazi ndinapempha ndekha, ndipo anali atafika.

Mawa lake, nditatsiriza ulaliki m'mudzi womwewo, sindinakhale pansi. Ndinauza mpingo zonse: za bipi, za bambo anga, za lamba wobwerera pabowo lake, ndi za mantha anga oti anthu adzanong'ona ndikaonda. Ndinapempha kuti amene amandikonda asamandiphere nkhuku. Mkulu wina wa mpingo anafunsa ndi nkhawa yeniyeni, “Nanga tizikulandirani ndi chiyani, aphunzitsi? Anthu a midzi ina adzati ndife oumira.” Apo ndinazindikira kuti nawonso anali ndi manyazi awo amene ankawateteza.

Mayi Nakoma anaimirira kumbali ya amayi. “Nkhukuyo muziwapatsa yamoyo, azikwera nayo panjinga, aliyense aziona kuti alandiridwa. M'mbale muziika mtanda umodzi ndi masamba, basi.” Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kovomera. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndi msoti ukulira pakaliyala.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinayenda myaa kuchokera pamenepo. Makomo ena anakwiyabe, ndipo mayi wina sanandipatse moni mwezi wathunthu. Paukwati wina ndinagwa, ndinadya ngati kale, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzida. Koma ulendo uno sindinabise kapena kudzilanga ndi njala. Ndinauza Nangozo, Lolemba n'kupitiriza pomwe ndinasiyira. Iye anayamba kundimwetsa phala ndisananyamuke Loweruka, kuti ndisamafike kwa eni ndili wolusa. Midzi yapafupi ndinayamba kupitako wapansi. Khomo limodzi lokha ndi limene ndinkadyapo patsiku, ndipo ndinkanena ndisanakhale n'komwe pampando.

Nditayamba kuonda, manong'onong'o anabweradi. Ndinawamva, anandipweteka, koma ndinasankha kunenedwa ndili choimirira kusiyana ndi kutamandidwa ndili pamkeka. Nkhuku zinadzaza khola, moti mazira ake ndinayamba kuwatengera odwala omwe ndinkawayendera. Lamba uja ndinachita kumuboola mabowo atsopano ndi msomali wamoto. Mankhwala ndikumwabe mpaka lero, koma adokotala anawachepetsa, ndipo chizungulire sichinabwerenso.

Patapita zaka ziwiri bambo Nakoma anamwalira. Manda a kumudziko ali pamtunda, ndipo ine amene kale ndinkachita wefuwefu pokwera masitepe a ofesi ya ahedi, ndinalandira nawo bokosi paphewa mpaka kumanda. Titabwerako, amuna tinakhala m'magulu pansi pa mtengo wa mango kudikira chakudya. Mbale zazikulu zikufika, mayi wina anabwera molunjika kwa ine, anagwada, n'kuika kambale kakang'ono pambali panga. Munali mtanda umodzi ndi masamba. Anandinong'oneza kuti, “Anamfedwa atumiza mawu kuchokera m'nyumba. Akuti aphunzitsi musawaphatikize ndi anzawo.”

Ndinalalikira pamandapo osagwetsa msozi, koma pa kambale kameneko ndinalephera kudzigwira. Mayi woti amuna ake angoikidwa kumene anali kuganizirabe msana wa mkazi wanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa kudzera mwa munthu wolimba mtima kulanda mlendo mbale. Inu amene mumalimba sabata yonse n'kugwa Loweruka, musataye mtima ndipo musabise. Nenani vuto lanu kwa anthu omwe amakudyetsaniwo, chifukwa ambiri amakukondani kuposa mmene amakondera mwambo. Mukagwa, dzukani Lolemba mupitirize. Ine ndikulimbanabe mpaka pano, ndipo fungo la nkhuku silinasiye kundiitana. Koma Nangozo sananditembenuzepo pamkeka ngakhale tsiku limodzi, ndipo Lamulungu lililonse ndine amene ndimamupalasa panjinga popita kutchalitchi. Ambuye alemekezeke.