Sertifikado yanga m'thumba la kachewere

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse. Ine ndine Rozina wa ku Lifidzi, mayi wa ana awiri, mlimi wa nyemba. Ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene ndidatsala pang'ono kutaya thukuta la zaka zitatu chifukwa cha pepala limodzi.

Ku sukulu ndidabwerera ndili wamkulu kale. Mabuku anga ndidalibe, choncho ndinkadalira bibiliyoteka ya ku Ulongwe, kumene munthu amabwereka buku n'kupita nalo kwawo. Tsiku limene ndidakatenga sertifikado yanga yomalizira sekondale kudagwa chimvula. Mayi anga, amene nthawi ya nkhondo adathawira ku Malawi makalata athu a ubatizo ali m'kati mwa Baibulo, adatiphunzitsa kuti pepala lofunika limagona m'buku. Ine ndidachita chomwecho. Ndidaitsekera m'chibuku cha chikuto chobiriwira cha za thupi la munthu chimene ndidabwereka, n'kukwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, mtima uli m'malo.

Mvula itakata, tidamva kuti bibiliyoteka itsekedwa kuti asinthe denga lomwe linkadontha, ndipo aliyense abweze buku. Ndidabweza mothamanga, uku ndikudzitama kuti ndine munthu wosunga lamulo. Zotsegula kaye bukulo sizidandibwerere n'komwe.

Patapita masabata atatu, Lolemba, kudamveka kuti ku sukulu ya anamwino akulandira mapepala a ofuna kuphunzira unamwino, ndipo atseka Lachisanu. Unamwino ndi umene ndidabwererera ku sukulu. Ndidakhuthula zikwama zonse, ndidatukula mphasa, ndidakalipira ana anga osalakwa. Amuna anga atandifunsa kuti, "Kodi mudaiona liti komaliza?" ndidasiya kufufuza. Ndidakumbukira mvula ija ndi buku lija.

Lachiwiri ndidalawirira ku sekretariya ya sukulu. Adandiuza mwaulemu kuti ina angathe kundilembera, koma idzatuluka pakatha mwezi. Kuchoka kumeneko ndidapita ku bibiliyoteka. Ndidapeza nyumba yopanda denga, malata akale ataunjikidwa pansi, amisiri ali m'mwamba. A Dona Jasinta, amene amayang'anira mabuku, adanditengera ku chipinda cha kuseri. Atatsegula chitseko ndidaona matumba a kachewere osanjikizana mpaka m'mwamba, onse odzaza mabuku.

"Amayi, ndikadakuthandizani," adatero, "koma tsiku lolongedza ndidali ku maliro. Aganyu adangosakaniza, a masamu pamodzi ndi a malamulo. Kaundula wanga alibenso ntchito. Kumasula onsewa n'kwa masabata, ndipo poika palibe."

Abale anga, Lachitatu sindidapite kumunda, chakudya osandilowa. Kolona ndinkaigwira koma mawu osatuluka. Ndinkaopa kwambiri, chifukwa pa msinkhu wanga kudikira chaka china si masewera. Ndinkaganiza za amene ankandiseka kuti ntchembere yavala yunifolomu ndi ana ake, ndipo ndinkamva kale kuseka kwawo. Ndidafika pomufunsa Mulungu ngati adandikweza mumtengo kuti andichotsere makwerero. Madzulo amayi a mumphakati mwathu adabwera kudzapemphera nane. Titamaliza, mmodzi wa iwo adati, "Mawa mukakhale pakhomo pa bibiliyoteka pomwepo. Kulirira kuno sikumasula thumba."

Lachinayi ndidakakhaladi pakhonde la chipinda chija, osadziwa chimene ndikudikira. Dzuwa lidafika pamutu. Pafupi nane nkhalamba ina inkasefa mchenga, ndipo amisiri ankaiitana kuti a Mbewe. Ataona kuti ndikupukuta misozi ndi chitenje, adaika fosholo pansi n'kundifunsa chimene chagwa. Ndidawafotokozera mwachidule, kunena zoona ndili ndi kamkwiyo, poti ndidadziwa kuti ndi mmodzi wa osakaniza aja.

"Bukulo n'lotani kukula kwake?" adafunsa.

Ndidawauza dzina lake. Iwo adapukusa mutu. "Ine kuwerenga ayi, mayi. Ndionetseni ndi manja."

Ndidatambasula manja, n'kuonetsanso kunenepa kwake ndi zala.

"Ameneyo ndi kachewere wamkulu," adatero akuseka. "Ife sitidasakanize. Tidasankha monga timachitira kudimba, wamkulu payekha, wapakati payekha, timbewu patokha. Akuluakuluwo ndidamanga ndekha ndi luzi, enawo ndi chingwe. Alipo matumba asanu okha, ali pakona."

Ndidathamanga kukaitana a Dona Jasinta. Adabwera ndi makiyi akukayika, koma pakona paja tidapezadi matumba a luzi. Loyamba mudalibe. Lachiwiri mudalibe. Pomasula lachitatu a Mbewe adandilanda mpeni, koma namonso mudalibe. M'lachinayi, pansi penipeni, ndidaona chikuto chobiriwira chija. Ndidachigwedeza, ndipo sertifikado yanga idagwera pa simenti, yosapindika, yosanyowa, monga mayi anga ankanenera. Ndidagwada pafumbi pomwepo n'kulira mokweza, amisiri mpaka kusuzumira ali padenga.

Lachisanu m'mawa ndidapereka mapepala anga, ndipo lero ndikulemba izi ndili m'chaka choyamba cha unamwino.

Bibiliyoteka idatsegulidwanso. Denga n'latsopano, mazenera akulowetsa kuwala, ndipo adaikamo makina okopera mapepala, amene ine ndidali woyamba kuwagwiritsa ntchito. A Dona Jasinta masiku ano buku lililonse lobwezedwa amaligwedeza mwini wake ali pompo. Akuti pomasula matumba aja adapezamo makalata a ubatizo, makadi a sikelo ya ana ndi zithunzi za ukwati, ndiye ngati lanu lidasowa, kafunseni, adawasunga m'bokosi.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza amayi a mumphakati amene adandidzutsa pamphasa, ndikuthokozanso a Mbewe, amene ndidawakwiyira ndisanawamve. Inu amene mukudikira pakhomo lotseka, musachokepo msanga. Ine ndinkapempha kuti Ambuye anditumizire munthu wodziwa mabuku. Iwo adanditumizira munthu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndipo ndi yekhayo amene ankadziwa pamene padagona sukulu yanga yonse.