Magalasi Akuda a Paston

Paston Chirwa anayang'ana kadamsana ndi maso osaphimba, ndipo pakati pa diso lililonse panatsala kadontho kakuda, moti nkhope ya munthu amene waima patsogolo pake sankaiona. Kuchipatala anamuveka magalasi akuda, nkumuuza kuti abwerenso Lachinayi, dokotala wa maso akabwera kuchokera ku Mzuzu. Lachinayi litafika, mkazi wake Magret, amene iye ankamuitana kuti Nyabanda, anamupeza pakhonde akupukuta magalasiwo ndi malaya.

"Ada, tiyeni. Anati mukaphonya lero, mpaka mwezi wamawa."

"Sindikudwala ine, Nyabanda. Ndakwera."

"Mwakwera chiyani? Dzulo munapatsa moni mtengo wa papaya."

Paston anamufotokozera kuti chiyambire kuvala magalasi, anthu akumuyesa kazitape wa boma. Akafika kudoko nkhani zimatha. Asodzi amamupatsa nsomba za batala osafunsa kanthu, ndipo ngakhale anyamata ofunsa makadi a chipani amamupatukira. Dokotala akati wachira nkumuvula, ulemu wonsewo upita kuti?

Magret anati iye za ulemu sakuzidziwa, dokotala anangoti diso lopsa ndi dzuwa liyenera kuunikidwanso.

"Mfundo simukuimva. Anthu akundiopa."

"Si onse. Bambo wadzana uja sanaope."

"Bambo uti?"

"Wa magalasi ngati anuwo, wa nsapato zonyezimira. Anaima patsogolo panu penipeni kumsika. Inu nkumuloza chala, amvekere, 'Iwe, samala, ndikukuona.'"

Paston anasiya kupukuta. Anati ankayesa ndi Mackford wogulitsa chinangwa.

Magret anati Mackford alibe nsapato. Mlendoyo pambuyo pake anafika kunyumba, waulemu kwambiri, nkufunsa kuti bambo a panyumbapo amagwira ntchito yanji.

"Munamuyankha chiyani?"

"Zoona. Kuti anthu amati ndinu kazitape, inu simukana, ndipo nsomba timadya zaulere. Anati abwera lero masana ndi galimoto, akufuna mukacheze."

Paston anadzuka, nkupunthwa pampando.

"Kuchipatalako amagoneka anthu a maso?"

"Anati nkungounika basi."

"Ndigwireni dzanja. Tidzere kumsika, ndipo muzilankhula mokweza kuti amuna anga ndi akhungu."

"Dokotala sanati khungu. Anati kadontho."

"Nyabanda, lero lokha, kadonthoko kakulitseni."