Ndimadya Phala Limodzi ndi Mwana Wanga

Moni omvera nonse. Ndine mlimi wa ku Kambombo, dzina langa lisatchulidwe.

Chibwerereni ku migodi, ntchito yanga inali yolawa kachasu. Amayi akamatcheza kachasuyo ankandiitana, ine n'kutchera chikho kumpope, n'kumwa madontho oyamba aja akali otentha. Fodya wa chingambwe naye sankachoka pakamwa panga. Anthu ankati kummero kwanga n'kwachitsulo, ine n'kumanyada.

Mwezi wathawu apongozi anga aamuna anaitana anthu kudzawathandiza kulima. Titaweruka anatipatsa nyama ya mbawala yowamba. Nthuli yoyamba inangoima pakhosi. Ndinamwera madzi, koma zonse zinabwerera, n'kulavulira pamphasa, pafupi ndi mapazi a apongoziwo.

Onse anasiya kudya. Apongozi anafunsa mwakachetechete, "Kodi akamwini, nyama yathu yakunyansani?"

Ndinasowa poyang'ana. Kuwauza kuti chakudya chakhala chikundikana chiyambire dzinja, sindinathe.

Kuchipatala cha kuboma adokotala anati ndi khansa ya kummero, ndipo kachasu, fodya ndi zakumwa zotentha kwambiri zimaiputa. Anati ndachedwa kubwera.

Manje sindidyanso ndi amuna anzanga. Mkazi wanga amandisefera phala lamadzimadzi, ndimamwera kuseri kwa nkhokwe, mbale imodzi ndi mwana wathu woyamwa.

Abale anga, chakudya chikayamba kukakamira pakhosi musabise, pitani kuchipatala. Kachasuyo musiyeni.

Dzulo mwana uja anakankha mbale ya phala, akulilira chimanga chootcha cha amake. Phala lonse linatsalira ine.