Kalata Yosatha ya a Pafupifupi

Lachisanu masana, hafu pasiti 3, a Dokotala a masamu analowa mu ofesi ya mlembi wa dipatimenti ali wefuwefu, jekete ili mbuu ndi choko, m'manja atagwira pepala lodzaza ndi zofufutafufuta. Ophunzira ankawatcha a Pafupifupi, poti ngakhale uwafunse nthawi sankayankha molunjika, ndipo eni akewo dzinali analivomera kalekale chifukwa linali loona.

Ntchito yawo inali masamu aja amene yankho lake lenileni silipezeka ndi pensulo. Umayamba ndi yankho longoganizira, kompyuta n'kulikonza, n'kulikonzanso, mpaka liyandikire lenilenilo. Akatswiri a masamu otere amatumizirana kalata ya nkhani pa imelo Lolemba lililonse, ndipo m'menemo, pakati pa misonkhano, mabuku atsopano ndi mauthenga a maliro, munatuluka mwayi wa chaka chathunthu cha kafukufuku kunja, kwa munthu wosakwana zaka 45. Tsiku lotsekera linali Lachisanu lomweli, 4 koloko. A Dokotala ankakwanitsa zaka 45 Lamlungu. Mwayiwu unkatuluka chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi bambowa anali akukonza kalata yofunsira, osaitumiza ngakhale kamodzi.

"Mayi, siyani zonse! Nayi yomaliza!"

Mlembiyo, mayi wa magalasi amene anamera imvi pa mpando womwewo akutaipa manotsi a a Dokotala, sanadzutse n'komwe mutu.

"Dzulo munatinso yomaliza."

"Ya dzulo inali pafupifupi yomaliza. Iyi ndiye yomaliza yeniyeni."

"Ya nambala 23."

"Aa, mukumaziwerenga?"

"Munandiuza kuti ndiziika manambala."

"Chabwino, chabwino. Taipani msanga mutumize. Kwatsala mphindi 30."

Mayiwo anayang'ana wotchi ya pakhoma. "28."

"Mayi!"

"Kutaipa nditaipa. Kutumiza ayi."

"Mwati bwanji?"

"Ndati kutaipa nditaipa, kutu..."

"Ndamva, ndamva! Netiweki yavutanso?"

"Netiweki lero ili bwinobwino. Ndangotumiza kumene pempho la choko."

"Nanga fomu ya pa intaneti ija?"

"Yatsekeka."

"Itsekeka bwanji nthawi isanakwane?"

"Kwa ena ndi yotsekula mpaka 4 koloko. Yatsekeka kwa inu."

"Kwa ine ndekha?"

"Mu dipatimenti muno, inu nokha."

Koma munthu wophunzira sakhala nthawi yaitali wopanda yankho, ngakhale likhale lolakwika. A Dokotala anamenya tebulo mpaka makapu a tiyi analira.

"Ndadziwa! Ndi zaka! Anthu aja awerenga molakwika. Ine lero ndili ndi zaka 44.995. Wina wakhala pa kompyuta uko, waona 44.995, wangoti aa, 45 yomweyo, basi. Izi ndi zimene ndimaletsa ophunzira tsiku ndi tsiku! Nambala saidula ngati nzimbe!"

"Pa fomu ndinalemba 44."

"44 yokha? Nanga 0.995 ija mwaisiya kuti?"

"Kabokosi kake kamangolowa manambala awiri."

"Ndiye mwanditayira pafupifupi chaka chathunthu cha moyo wanga!"

"Mukachifuna chili m'failo yanu, m'kabati."

A Dokotala anapuma mozama, n'kupukuta thukuta ndi dzanja la choko, pamphumi n'kutsala mzere woyera.

"Ndiye vuto si zaka?"

"Si zaka."

"Nanga n'chiyani?"

"Lachiwiri lapitali..."

"Lachiwiri!" Anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. "Basi, musapitirize. Ndamvetsa. Ndi za sitepula ija."

"Sitepula?"

"Ndine ndinaitenga, mayi. Munazungulira maofesi onse mukuifunafuna, ine ndili phee. Ili m'chikwama changa. Ndikhululukeni, tumizani kalata."

Mayiwo anatambasula dzanja. A Dokotala anapisa m'chikwama, n'kutulutsa sitepula, n'kuipereka ndi manja awiri. Mayiwo anaitsekula kuona ngati muli mapini, n'kuiika m'dirowa.

"Zikomo."

"Ndiye mutumiza?"

"Ayi."

"Ogo! Sitepula mwalandira!"

"Ndi yanga."

"Kwatsala mphindi zingati?"

"21. Ndimati Lachiwiri..."

"Shuga! Eya, shuga wanu wa m'botolo uja. Si nyerere, mayi. Nyerere sizitsekula botolo. Ndine."

"Ndimadziwa. Supuni mumaisiya ili ndi choko."

"Ndibweretsa wina mawa."

"Mawa ndi Loweruka."

"Lolemba! Pafupifupi Lolemba!"

Anayamba kuyendayenda mu ofesimo, kuchoka pa kabati kufika pa pulinta, mapazi atatu kupita, atatu kubwerera. Ofesiyo inali yaing'ono moti ukali wa munthu sunkakwanamo.

"Kapena ndi a Hedi? Eee, ndi a Hedi! Akuopa kuti ndikapita, kalasi ya chaka chachiwiri iwagwera iwo. Akuuzani kuti musatumize!"

"A Hedi anangoti, 'Bamboyo akadzatumiza mudzandiuze, ndidzagule fanta.'"

"Anatero? Pamaso pa anthu?"

"Pa miting'i. Zili m'maminitsi. Ndinataipa ndine."

"Ha! Ndiye ndine choseketsa cha dipatimenti."

"Pa ajenda munali nambala 6. Tabwerani muone pa sikirini pano, muona nokha."

"Sindikufuna kuona manyazi anga pa sikirini!" Anatembenukira kukhoma, kenaka anatembenukanso msangamsanga, mawu atafewa. "Mlongo wanga, tagwira ntchito limodzi zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri, ndi miyezi inayi."

"Mwaona? Ndife abale. Ngati pali china ndinakulakwirani, ndinena ndekha. Mndandanda wa mayina a ophunzira uja, umene a Hedi anakukalipirani kuti mwautaya, simunautaye inu. Ndinaupeza pa desiki panga, kuseri kwake kuli koyera, ndiye ndinalembapo masamu. Ndi matenda anga amenewo. Pepala lililonse ndikaliona kuseri kuli koyera, dzanja limandiyabwa."

"Ndikudziwa. Masamuwo munandipatsa kuti nditaipe. Nditatembenuza ndinaupeza."

"Ndiye osanena?"

"Simunafunse."

"Koma abale inu! Mphindi zingati?"

"Naini."

"Taipani basi! Mwina mukamaliza mtima wanu ufewa."

Mayiwo analandira pepala lija, n'kulisuzumira pamwamba pa magalasi, n'kuwabwezera.

"Mwangosintha ndime yachitatu. Mwabwezeretsa mmene inalili mu nambala 11."

"Inali bwino mu 11."

"Munati 11 ndi zinyalala."

"Nthawi imeneyo ndinali ndisanaone 22!"

Apa mphamvu zinawathera. Anadziponya pa mpando wa alendo, uja wa mwendo umodzi waufupi, n'kuyamba kugwedezeka nawo. Manyazi anawagwira, ndipo chisoni chinawagwira kuposa manyaziwo.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Ine ndine wamantha. Palibe za shuga, palibe za a Hedi. Kalata ikakhala m'dirowa palibe angaikane, ndiye ndimangoikonza. Anzanga amene tinakhala nawo benchi imodzi, Lolemba lililonse mayina awo ali m'kalata ya nkhani ija. Uyu wapeza njira yatsopano, uyu akutsogolera msonkhano, uyu walemba buku. Mmodzi wa iwo ankakopera homuweki yanga, mayi! Ine dzina langa lidzatuluka kamodzi kokha, kumapeto kuja, pa mauthenga a maliro."

"Amafuna wina atumize uthengawo."

"Mudzatumize inuyo. Ndikasiyira ine, ndidzaukonzabe ndili m'bokosi." Anaseka mowawa. "Mayi akunyumba anandigulira sutikesi chaka choyamba chija. Yaikulu, ya mateyala. Pano amasungiramo makatani akale. Mwana wanga wachisamba nthawi imeneyo anali ku pulayimale. Sabata yatha wandifunsa kuti, 'Adadi, sutikesi yanu ija ndingapite nayo ku koleji? Poti inu simuigwiritsa ntchito.' Sutikesi ikupita kukaphunzira, mwini wake ali pompano."

"Mphindi imodzi."

"Akuluakulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Ine nkhosa zanga zatha zonse, khola lomwe, ndipo ndikuonetsetsabe."

Onse awiri anayang'ana wotchi. Muvi wautali unafika pamwamba, n'kupitirira ngati palibe chachitika. Panja ophunzira anatuluka m'kalasi akuphokosera. A Dokotala anagwira mutu ndi dzanja limodzi, linalo likadagwirabe nambala 23.

"Yakwana," anatero mayiwo.

"Ndaona."

"Ndimalize za Lachiwiri zija?"

"Malizani. Madzi akatayika saoleka."

"Lachiwiri ndinatumiza."

Mpando uja unasiya kugwedezeka.

"Munatumiza chiyani?"

"Kalata yanu. Ya nambala 20. Fomu ija munthu amatumiza kamodzi. Ukatumiza imatsekeka."

"Mwa... munatu... Anakuuzani ndani?"

"Inu."

"Ine? Liti?"

"Tsiku loyamba. Munati, 'Mayi, ikatha mutumize.' Ine ndinafunsa kuti ndidziwa bwanji kuti yatha. Munati, 'Monga timachitira m'masamu,' n'kutuluka."

"Ndimangonena!"

"Ine ndimangomva."

Mayiwo anatsekula dirowa, n'kutulutsa manotsi a chaka chachiwiri, aja amawataipa chaka chilichonse. Sanawatsekule n'komwe. Anangoika chikhatho pamwamba pake ngati mboni m'khoti.

"Tsamba lachinayi. 'Yankho latsopano likasiyana ndi lapitalo mosafika pa chimodzi mwa chikwi, leka pomwepo, wafika. Wopitirira apa akungowononga magetsi.'"

"Zimenezo ndi za kompyuta, mayi!"

"Simunalembe kuti ndi za kompyuta yokha. Kalata yanu ili ndi mawu zikwi ziwiri. Kuchoka pa 19 kufika pa 20 munasintha liwu limodzi. Limodzi mwa zikwi ziwiri. Ndinawerenga kawiri, ndinaona kuti tafika, ndinatumiza."

"Liwu lake liti?"

"Munachotsa 'mwina', munaika 'kapena'."



"Ndiye masiku atatu onsewa osandiuza? Ine osagona, osadya, kuulula machimo anga onse muno?"

"Ndinakuuzani. Pepala lotsimikiza kuti alandira ndinaliika pa desiki panu Lachiwiri lomwelo."

"Bodza! Sindinaone pepala lililonse!"

"Tembenuzani limene mwagwiralo."

Anatembenuza pang'onopang'ono. Kuseri kwa zofufutafufuta za nambala 23 kunali zilembo zakuda bii za pulinta, dzina lawo, tsiku la Lachiwiri, ndi mawu akuti pempho lawo lalandiridwa. Analiwerenga katatu. Misozi inalengeza m'maso, ndipo sanachite nayo manyazi. Zaka zisanu ndi zinayi zinali zitatsika pamapewa.

"Nanga 21 ndi 22 munkataipiranji?"

"Munkati taipani."

"Ndi 23 yomwe mukanataipa?"

"Munati taipani."

A Dokotala anayang'ananso pepala lija, nkhope n'kuyamba kukwinyika monga mwa nthawi zonse.

"Komatu mu 20 muja, ndime yachitatu ija sinakhale bwino kwenikweni. Mwina tiwalembere kuti..."

"Tsamba lachinayi, a Dokotala."

Pamenepo anaphulika kuseka, mpaka mpando waufupi mwendo uja unatsala pang'ono kuwagwetsa.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa tsamba limenelo! Ophunzira samalimva, mphunzitsi wake salimva, amene analimva ndi munthu woti m'kalasi mwanga sanapondemo! Kauzeni a Hedi agule fanta uja. Ndipo mwana uja asakhudze sutikesi yanga!" Anaimirira, n'kukonza jekete, n'kuika dzanja pachifuwa. "Mayi, zimene mwandichitirazi si za pakamwa chabe ayi. Ndikulemberani kalata yothokoza. Kalata yeniyeni, yokonzedwa bwino, yopanda cholakwika ngakhale chimodzi."

Mayiwo anazimitsa kompyuta, n'kuvundikira kiyibodi ndi kansalu kake, n'kunyamula chikwama.

"Ingonenani pakamwa, a Dokotala. Ine ndatsala ndi zaka zisanu zokha kuti ndipume pa ntchito."