Bambo Lighton Sakala ndi Maukonde a ku Chanyanya

Malemu Bambo Lighton Sakala anabadwa m'chaka cha 1956 m'boma la Katete. Banja landipempha kuti ndisabise zoti munthu wa Mulungu ameneyu analanda msodzi wosauka maukonde ake. Eni ake sankabisa, ndipo zabwino zimene tikuyamika lero zinayambira pomwepo.

Anaphunzira ku Katete mpaka Fomu 3. Mu 1976 anabwera kuno ku Kafue nalowa ntchito yokonza makina pa fakitale ya fetereza. Mu 1981 anamanga banja ndi Mayi Winfrida Banda mu mpingo wa RCZ, umene anautumikira monga dikoni, pambuyo pake monga mkulu wa mpingo.

Atapuma pantchito mu 2002, anzawo anawauza kuti penshoni imaswana msanga pa kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu ija. Anayamba kukongoza asodzi a ku Chanyanya m'miyezi imene boma limatseka usodzi, pamene msodzi alibe kolowera, ndipo chikole chinali maukonde. Msodzi wina, a Goodwell Mweemba, analephera kubweza, ndipo malemu anawalanda maukonde. Usodzi utatsegulidwa, a Goodwell anapita kukagwira ganyu m'bwato lakutha la munthu wina. Bwatolo linamira nawo. Anasiya mkazi ndi ana atatu.

Mayi Winfrida ndiwo anatsegulira amuna awo Deuteronomo 24, pamene Mulungu akuletsa kutenga mphero ya munthu monga chikole, chifukwa kutero n'kumulanda moyo. Anawauza kuti ukonde ndiyo mphero ya msodzi. Malemu sanatsutse. Anabweza maukonde onse amene anali nawo, anafafaniza chiwongoladzanja, ndipo ndalama zotsala anagulira mabwato asanu. Pangano lawo ndi asodzi linali lakuti nsomba zikaphedwa agawana, msodzi akabwera chimanjamanja onse ataya. Asanagawane, ankayamba ndi kupatula chakhumi. Ukonde wa udzudzu sunaloledwe m'mabwato awo, ndipo m'miyezi yoletsedwa mabwatowo ankakhala pamtunda, mabanja a asodzi akudya chimanga chimene malemu ankasungiratu. Phindu linali lochepa, koma silinalize munthu.

Inu achinyamata amene mukuthamangira malonjezo a pafoni akuti ndalama iwirikiza kawiri pa sabata, dzifunseni kuti amene akulipira phindu limenelo ndani. Inunso achibale, dziwani kuti mabwato aja si katundu wogawana mawa. Malemu analamula kuti akhale m'manja mwa asodzi pa pangano lomwe lija.

Anayamba kudwala matenda a shuga mu 2019, ndipo atisiya Lachiwiri lapitali ali kunyumba. Tikuthokoza amayi a Chigwirizano a mumpingo amene ankawayendera, ndi asodzi a ku Chanyanya amene agula bokosi ili osapemphedwa.

Asiya mkazi wawo Mayi Winfrida, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo mmodzi, ndi ana atatu a malemu a Goodwell, amene anawalera ndi kuwaphunzitsa mpaka ku koleji. Ndalama zimene anaphunzitsira anawo zinali zomalizira nyumba yawo ya ku Shimabala. Nyumbayo ilibe denga mpaka lero, ndipo Bambo Sakala amwalirira m'nyumba ya lendi.

Tikuyamika Mulungu chifukwa cha moyo wawo. Apumule mu mtendere wa Ambuye amene anawabweza.