Majisitireti Amene Anavula Nsapato ku Lifuwu

Malemu Mayi Stella Misheck anabadwa pa 9 Meyi 1958 ku Lifuwu konkuno. Wowerengane ndine Martin, mlongo wawo wamng'ono, amene ndinawalonjeza pa siteshoni ya Salima kuti ndidzabwera kudzakhala pabenchi yakumbuyo m'khoti mwawo, ndidzaone mmene amaweruzira.

Sukulu anayamba mu 1965, namaliza Fomu 4 mu 1977, n'kulowa ukalaliki wa khoti. Mu 1981 anakwatiwa ndi Bambo Yesaya, amene mpaka lero sanawinepo mlandu ndi umodzi womwe pakhomo.

Mu 1987, chaka chimene anakhala majisitireti, ine ndinathawa m'dziko muno chifukwa cha mawu awiri, "kusokoneza bata". Malire a batalo ankawadziwa ondisaka okhawo. Ndili kunja ndinkawalembera achemwaliwa kuti lamulo losiyira woweruza mpata ndi chikwanje m'manja mwa woledzera. Ndinkawatumizira ndi mabuku omwe. Yankho linali lomwelomwelo: "Achimwene, kuwerenga mwawerenga. Bwerani mudzaone."

Mu 1998 anaweruza a Mustafa, amene anatsegula madzi a mpunga tsiku losakhala lawo. Lamulo linkalanga wochita zimenezi "popanda chifukwa chomveka". Malemu anaimitsa mlandu, napita kusikimu ya mpungayo, navula nsapato n'kuyenda m'ngalande mpaka kumene madziwo anathera. Anathera m'nazale ya mayi wamasiye, imene inali itayamba kuuma. A Mustafa anamasulidwa. Patangotha sabata, mkulu wina wa minda khumi, amene nayenso anatsegula madzi tsiku losakhala lake, anabwera ndi mawu omwewo akuti anali ndi chifukwa chomveka. Malemu anamuuza kuti chifukwa chakecho chikumveka kwa iye yekha, ndipo anthu anaseka mpaka mesenjala anaiwala kuwaletsa. Anandilembera zonsezi. Ndinayankha kuti ndibwera chaka chamawa.

Anapuma pantchito mu 2018. Anayamba kudwala mtima mu Januwale chaka chino, ndipo anatisiya pa 4 Juni 2024.

Asiya amuna awo, ana awiri, Tikondwe ndi Mayankho, ndi zidzukulu zisanu. Banja likuthokoza anamwino, amayi a Mvano, komanso a Mustafa ndi anzawo akumzikiti, amene alanda makasu kwa adzukulu kuti manda awa akumbe nawo. Achemwali, usani mumtendere.

Mlandu wawo womaliza anaweruza pa 27 Epulo 2018. Ine ndafika dzulo.